Kalata yotseguka kwa nduna za zaumoyo ndi akuluakulu a masukulu a udokotala wa mano: ndani adzagwire ntchito imene munalonjeza pofika 2030?

Olemekezeka nduna za zaumoyo ndi za maphunziro,
Akuluakulu a mayunivesite ndi a masukulu a udokotala wa mano,
Atsogoleri a makhonsolo olembetsa ogwira ntchito zachipatala,
Ndi inu a mabungwe othandiza ndi ndalama pa maphunziro ndi kafukufuku,

Ndikupatsani moni nonse mwaulemu waukulu. Ndikudziwa kuti pamatebulo anu pali nkhani zambiri, zina za moyo ndi imfa, choncho ndikuthokozani chifukwa chopatula nthawi yowerenga kalatayi. Ine ndine dokotala wa mano, ndipo ndimaphunzitsanso achinyamata amene akulowa m'ntchitoyi. Ndalemba poyera chifukwa nkhaniyi ikukhudza anthu ambiri kuposa ife ogwira ntchito m'chipatala. Ikukhudza mayi amene wachezera usiku wonse mwana akulira dzino, mphunzitsi amene ana ake akujomba chifukwa cha tsaya lotupa, ndi aliyense amene anazulidwapo dzino loti likanapulumuka. Iwonso awerenge, ndipo akaona kuti ndanena zoona, atumizireko anzawo.

Chandilembetsa ndi ichi. Maboma analonjeza pamaso pa dziko lonse kuti pofika 2030 matenda a m'kamwa adzakhala atachepa, koma anthu oti atsogolere ntchito imeneyo sakuphunzitsidwa, ndipo ochepa amene anaphunzira sakupatsidwa malo oti agwirepo zimene anaphunzirazo. Ndikunena za akatswiri a zaumoyo wa m'kamwa wa anthu onse, aja amene akamaliza digiri yoyamba amabwereranso kusukulu kukaphunzira kuyeza matenda m'dera lonse, kufufuza gwero lake, kukonza ndondomeko yowapewera ndi kuwerengera ndalama zake. Bajeti ikamakonzedwa, maphunziro amenewa amakumbukiridwa komalizira. Ndalama zikachepa, amakumbukiridwa koyambirira, kuti adulidwe.

Ndiloleni ndikukumbutseni zimene munavomera. Mu Meyi 2021, pamsonkhano waukulu wa WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, mayiko anagwirizana kuti umoyo wa m'kamwa ulowe m'gulu la chithandizo chimene munthu aliyense ayenera kuchipeza, ndiponso kuti mphamvu zambiri zipite pa kupewa. Pambuyo pake panatuluka ndondomeko ya 2023 mpaka 2030 yokhala ndi zolinga zikuluzikulu ziwiri: kuti anthu 80 mwa 100 alionse padziko lapansi akhale ndi ufulu wolandira chithandizo chofunikira cha m'kamwa, ndi kuti matenda akuluakulu a m'kamwa achepe ndi 10 peresenti. Mu Novembala 2024 nthumwi za mayiko oposa 100 zinakumana ku Bangkok n'kubwereza lonjezo lomwelo. Ine ndinali mmodzi mwa amene anakondwa. Koma mpaka lero sindinamve yankho la funso limodzi: adzachite zimenezi ndani?

Kukula kwa vutoli n'kodziwika kale. Lipoti la WHO la 2022 linati anthu pafupifupi 3.5 biliyoni ali ndi matenda a m'kamwa, ndipo 3 mwa 4 alionse a iwo amakhala m'mayiko osauka ndi opezako pang'ono. Anthu 2.5 biliyoni ali ndi mano obowoka amene sanathandizidwe. Pafupifupi 1 biliyoni ali ndi chiseyeye chachikulu, chija chimagwedeza mano mpaka kuguluka okha. Chaka chilichonse anthu pafupifupi 380,000 amapezeka ndi khansa ya m'kamwa. Mu 2019 dziko lonse linawononga ndalama zokwana pafupifupi madola 387 biliyoni a ku America pochiza matendawa, zambiri mwa izo m'mayiko olemera. Palibe dziko, kaya lilemere chotani, limene lingathetse vuto lalikulu chonchi pomata ndi kuzula dzino limodzilimodzi. Ife a pampando timachita zimene tingathe. Wodwala akabwera tsaya litatupa, timabaya jakisoni wa dzanzi, timazula, timamupatsa mankhwala, iye akamatuluka wina wakhala kale pampando usanazizire. Mawa lake mzere umakhala wautali chimodzimodzi. Denga likudontha, ife tikungosuntha mphasa.

Ambiri, ngakhale m'maofesi a zaumoyo, sadziwa bwinobwino ntchito ya katswiri amene ndikumunenayu, ndiye ndifotokozeko. Tengani kafukufuku wa mano pasukulu. Mwana amagona chagada pabenchi pamalo owala, woyeza ali chakumutu kwake ndi kagalasi kakang'ono ndi kachitsulo kosabaya, kokhala ndi kampira kumapeto. Woyezayo amatchula nambala dzino ndi dzino, wolemba ali pambali pake: 0 ngati dzino lili bwino, 1 ngati labowoka, 3 ngati linamatidwa ndipo silinayambenso kuwola, 4 ngati linazulidwa chifukwa chowola. Zimaoneka zophweka. Koma pasanafike tsiku limenelo, pamafunika munthu wodziwa kusankha masukulu mwachilungamo kuti zotsatira ziimire dera lonse, wodziwa chifukwa chake WHO imalangiza kuyeza a zaka 5, 12, 15, kenako a zaka 35 mpaka 44 ndi 65 mpaka 74, ndiponso wodziwa kuphunzitsa oyeza onse pa ana omwewo mobwerezabwereza mpaka asiye kusiyana pa zimene akuzitcha dzino lobowoka. Mapepala akabwera, pamafunikanso munthu wodziwa kuti avereji imabisa zambiri. Dera likhoza kuoneka ngati lili bwino pamene kagulu kochepa ka ana, nthawi zambiri a m'mabanja osauka, kasenza pafupifupi matenda onse. Munthu ameneyo ndiye angauze nduna kuti ndalama zochepa zimene zilipo ziyambire pati.

Zinthu zikuluzikulu zimene zapulumutsa mano a anthu zinatuluka m'manja mwa anthu oganiza motero. Dokotala wa mano Frederick McKay atafika ku Colorado Springs ku America mu 1901 anadabwa ndi mano a mawanga ofiirira amene anthu akumeneko anali nawo, ndipo anazindikira kuti manowo sankawola msanga. Patapita zaka zinadziwika kuti chochititsa ndi fluoride, chinthu chachilengedwe chimene chimapezeka m'madzi akumwa. Wofufuza wina, H. Trendley Dean, anayenda m'mizinda yambiri ya ku America kuyeza ana ndi madzi mpaka anapeza mlingo umene umateteza mano popanda kuwawononga, ndipo mu 1945 mzinda wa Grand Rapids unakhala woyamba kuthira fluoride m'madzi ake. Ku Scotland, ana a zaka 5 opanda chizindikiro cha kuwola kwa mano anali 45 mwa 100 alionse mu 2003. Pofika 2020 anali 74 mwa 100 alionse, ndipo chachikulu chimene chinachitika pakatipa ndi ndondomeko yoti ana a kusukulu za mkaka azitsuka mano tsiku lililonse moyang'aniridwa, imene inakula n'kukhala ndondomeko ya Scotland yense yotchedwa Childsmile. Ku Tanzania, m'zaka za m'ma 1980, kunayambika njira yomatira mano ndi zipangizo za m'manja zokha, popanda magetsi kapena makina obowolera, ndipo lero ikugwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri. Palibe chimodzi mwa izi chimene chinachitika mwangozi. Panali anthu ophunzitsidwa kuwerenga, kuyerekeza, kukopa andale ndi kutsatira zotsatira kwa zaka zambiri.

Tsopano ndifike pa madandaulo anga.

Loyamba ndi lakuti masukulu ophunzitsa ukatswiri umenewu ndi ochepa, ndipo ambiri ali kutali ndi kumene kuli odwala ochuluka. Ku America nthambiyi inavomerezedwa kukhala ukatswiri pawokha mu 1950, ndipo dokotala wa mano amayamba watenga digiri yachiwiri ya zaumoyo wa anthu, kenako amaphunzira ali pantchito moyang'aniridwa kwa chaka chimodzi kapena kuposerapo. Ku Britain maphunzirowa amatenga pafupifupi zaka 4. Kumeneko njira ilipo ndipo ndi yodziwika, ngakhale nakonso odutsamo ndi ochepa. M'mayiko ambiri osauka, wofuna maphunzirowa ayenera kusiya banja ndi ntchito, kukwera ndege, n'kukalipira fizi ya ophunzira akunja imene nthawi zambiri imaposa ya eni dziko. Okwanitsa ndi ochepa, ndipo mwa ochepawo ena sabwerera. Sindiwaweruza, chifukwa ndikudziwa chimene chimawadikira kwawo, ndipo ndichinena posachedwa. Musandiuze kuti zimenezi n'zotheka kwa olemera okha. Brazil inaika magulu a zaumoyo wa m'kamwa m'ntchito yake yosamalira mabanja, mu 2004 inakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse ya umoyo wa m'kamwa yotchedwa Brasil Sorridente, ndipo mayunivesite ake amaphunzitsa akatswiri awoawo amene amayendetsa kafukufuku wa dziko lonse. Pakati pa kafukufuku wa 2003 ndi wa 2010, avereji ya mano owola, ozulidwa kapena omatidwa mwa ana a zaka 12 inatsika kuchoka pa 2.8 kufika pa 2.1.

Lachiwiri ndi la ndalama za wophunzira. Wachinyamata akamaliza udokotala wa mano nthawi zambiri amakhala ndi ngongole, kapena abale amene anadzimana kuti iye aphunzire. Patsogolo pake pali njira ziwiri. Ina ndi ukatswiri wowongola mano kapena woika mano ochita kupanga, kumene odwala amalipira bwino. Ina ndi iyi yotumikira anthu amene sadzamudziwa n'komwe, kumene malipiro amachokera kuboma kapena kuyunivesite. Akasankha yoyamba sanalakwe. Olakwa ndife amene tasiya njira yachiwiri popanda thandizo la fizi, popanda malipiro pa nthawi yophunzira, kenako n'kumadabwa kuti m'kalasi muli anthu owerengeka.

Lachitatu ndilo limandipweteka kwambiri monga mphunzitsi: zimene tikuphunzitsa. Masukulu ambiri anangotengera silabasi ya kumayiko olemera n'kusintha chikuto. Wophunzira amatha miyezi akuwerenga za inshuwalansi ya mano ya mayiko amene sadzagwirako ntchito, koma amamaliza asanaphunzire mozama za noma. Noma ndi nthenda imene imayamba ngati kachilonda pankhama mwa mwana woperewera zakudya m'thupi, makamaka wa zaka 2 mpaka 6, ndipo m'masiku ochepa imadya tsaya, milomo ndi fupa. Ikapanda kuthandizidwa imapha ana ofika 9 mwa 10 alionse, pamene ikagwidwa msanga mankhwala opha mabakiteriya, ukhondo wa m'kamwa ndi chakudya chabwino zimaiimitsa. WHO inaiika pamndandanda wa matenda onyalanyazidwa mu Disembala 2023, koma chiwerengero chimene timatchulabe, cha ana 140,000 pachaka, ndi choyerekeza cha mu 1998. Kwa zaka zonsezi palibe amene wawerenganso mokwanira. Kodi si ntchito ya akatswiri amene sitikuwaphunzitsawa?

Chimodzimodzi nkhani ya fluoride. Buku lolembedwera dziko limene madzi ake ali ndi fluoride wochepa limaphunzitsa kuthira. Koma m'madera ena a kum'mawa kwa Africa, ku India ndi ku China, madzi a m'zitsime ali ndi fluoride woposa mamiligalamu 1.5 pa lita, umene ndi malire a WHO, ndipo ana amakula ndi mano ofiirira, ena mafupa awo amapindika. Kumeneko chofunika ndi kuyeza chitsime chilichonse ndi kuchotsa fluoride wochulukayo. Kumene kulibe mipopi, mayiko ngati Switzerland ndi Jamaica anasonyeza kuti fluoride angathe kudzera mu mchere. Katswiri weniweni ayenera kudziwa njira zonsezi ndi kusankha yoyenera malo ake. Ayeneranso kudziwa kulankhula ndi anthu amene ali ndi mantha. Mzinda wa Calgary ku Canada unasiya kuthira fluoride mu 2011, kafukufuku anaonetsa kuti mano a ana awonongeka kuposa a ana a ku Edmonton kumene sanasiye, ndipo mu 2021 anthu anavota kuti abwezeretse. Mu 2025 zigawo za Utah ndi Florida ku America zinaletsa kuthira fluoride m'madzi. Kaya munthu ali mbali iti pa mkanganowu, zikuonekeratu kuti zinthu zotere zimagamulidwa m'misonkhano ya makhansala, pawailesi ndi pa intaneti. Ndi masukulu angati amene amaphunzitsa wophunzira kuima pamaso pa khamu lokwiya, kumvetsera mwaulemu, n'kufotokoza umboni m'mawu oti agogo amve?

Ndiwonjezepo za chuma ndi malamulo. Shuga ndiye gwero lalikulu la kuwola kwa mano, ndipo mu 2015 WHO inalangiza kuti shuga wowonjezera asapitirire 10 peresenti ya mphamvu imene munthu amapeza m'chakudya patsiku, makamaka atsike kufika pa 5 peresenti. Kuuza mwana kuti achepetse maswiti sikokwanira pamene zakumwa zotsekemera zikugulitsidwa pachipata cha sukulu. Mexico inaika msonkho pa zakumwazi mu 2014, Britain mu 2018, ndipo ku England, kumene kuwola kwa mano kuli patsogolo pa zifukwa zogonekera ana a zaka 5 mpaka 9 m'chipatala, ofufuza anapeza kuti ana ogonekedwa kuti azulidwe mano anachepa msonkhowo utabwera. Kuti zotere zitheke pamafunika munthu wokhoza kukhala pansi ndi a unduna wa zachuma n'kulankhula chinenero chawo. Mu 2021 mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, pamodzi ndi silver diamine fluoride (mankhwala opaka oimitsa kuwola kwa dzino) ndi glass ionomer (chomatira mano), analowa pamndandanda wa WHO wa mankhwala ofunikira. Komabe m'mayiko ambiri mankhwala otsukira mano amalipitsidwabe msonkho ngati mafuta odzola. Ndani akalembe chikalata chokopa boma kuti lichotse msonkhowo, ndi manambala ake omveka?

Dandaulo lachinayi ndi lalifupi. Makomo a maphunzirowa nthawi zambiri amatsegukira madokotala a mano okha. Koma kumidzi ndi m'masukulu, amene akugwira ntchito yeniyeni ndi ma dental therapist (ophunzitsidwa kupereka chithandizo choyambirira cha mano), anamwino ndi alangizi a zaumoyo. New Zealand inayamba kudalira anamwino a mano m'masukulu mu 1921. Anthu otere amadziwa dera lawo kuposa ife, ndipo ambiri a iwo samachoka. Kuwatsekera kunja chifukwa cha dzina la digiri yawo yoyamba ndi kutaya nzeru zimene tikuzisowa.

Lachisanu: akamaliza, alibe kolowera. Mmodzi wa ophunzira anga akale anapita kunja, anakhoza bwino, n'kubwerera ndi ndondomeko yonse ya ntchito yotsukitsa ana mano m'masukulu, yowerengeredwa mpaka mtengo wa mswachi umodzi. Atafika kwa omulemba ntchito anauzidwa kuti pamndandanda wa maudindo palibe dzina la ukatswiri wake, ndiye abwerere pampando umene anausiya, pa malipiro omwe aja. Ndinamupeza tsiku lina masana atavula magolovesi, beseni la zitsulo zozulira lili pambali, fayilo ya ndondomeko ija ili m'kabati pansi pa mabokosi a thonje. Sanadandaule zambiri. Anangoti akuganiza zofunsira ntchito kubungwe lina la kunja, ndipo patapita nthawi anapitadi. Ndalama zimene zinamuphunzitsa zikupindulira ena tsopano. Nkhani yotere anzanga a m'mayiko osiyanasiyana amaidziwa bwino. Makhonsolo ena salembetsa ukatswiriwu n'komwe, ndipo m'maunduna ena ofesi yoona za umoyo wa m'kamwa ndi munthu mmodzi amene alinso ndi ntchito zina, wopanda bajeti, wosaitanidwa kumisonkhano imene zinthu zimagamulidwa.

Lachisanu ndi chimodzi likukhudza amene amadzaza mpata boma likachokapo. Sukulu ikasowa ndalama za kafukufuku imalandira kwa aliyense wobwera nazo. Makalata akale amene ofufuza anawaulula mu 2015 anaonetsa kuti makampani a shuga anathandiza kupotoza ndondomeko ya boma la America ya 1971 yolimbana ndi kuwola kwa mano, kuti kafukufuku alunjike pa katemera ndi mankhwala ena, nkhani yochepetsa shuga n'kuikidwa pambali. Ophunzira athu ayenera kuidziwa mbiri imeneyi. Ayeneranso kudziwa za chipatala cha Vipeholm ku Sweden, kumene m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 anthu olumala m'maganizo anadyetsedwa maswiti omata mano dala kuti ofufuza aone mmene mano amawolera. Amene adzagwire ntchito ndi ana, osauka ndi olumala ayenera kuphunzitsidwa bwino za chilolezo ndi ulemu wa munthu, ndipo phunziro limeneli lisakhale la sabata imodzi yomaliza.

Ndikudziwa yankho limene ena a inu muli nalo, chifukwa ndalimva kambirimbiri. Mumati madokotala a mano ndi ochepa kale, ndiye n'kuchotsanso mmodzi pampando kuti akakhale muofesi? Mumatinso pali malungo, TB, Edzi ndi imfa za amayi oyembekezera, mano adikire. Sindikupeputsa matenda amenewo. Koma shuga, fodya ndi mowa zimene zikuwononga m'kamwa ndi zomwezo zikubweretsa matenda a shuga, a mtima ndi khansa, moti wogwira ntchito yochepetsa zinthuzi akuthandiza chipatala chonse. Zizindikiro za HIV nthawi zambiri zimaonekera m'kamwa. Chiseyeye ndi matenda a shuga zimakulitsana. Ndipo dzino limapha. Mu 2007 mnyamata wa zaka 12 ku Maryland, pafupi ndi likulu la America, dziko lolemera kwambiri, anamwalira mafinya a dzino atafika ku ubongo. Madokotala a mano analipo ambiri m'deralo. Chimene chinasowa ndi dongosolo loti mwana wa m'banja losauka afike kwa mmodzi wa iwo nthawi yake. Kukonza dongosolo lotero ndiyo ntchito ya katswiri amene mukuti angakhale akungokhala muofesi.

Pa zifukwa zimenezi, ndikupempha mwaulemu izi:

1. Unduna uliwonse wa zaumoyo ulengeze poyera, chaka chino chisanathe, chiwerengero cha akatswiri a zaumoyo wa m'kamwa wa anthu onse amene uli nawo, kumene akugwira ntchito, ndi chiwerengero chimene ukufuna kukhala nacho pofika 2030.

2. Maudindo awo akhazikitsidwe pamndandanda wa ntchito za boma, kulikulu ndi m'zigawo, ndi malipiro ofanana ndi a akatswiri ena a mano. Izi zichitike ophunzira asanatumizidwe kusukulu, kuti wopita adziwe mpando umene akubwerera kudzakhalapo. Makhonsolo nawo alembetse ukatswiriwu mofanana ndi ena onse.

3. Mayunivesite a mayiko oyandikana agwirizane n'kutsegula maphunziro a digiri yachiwiri ndi yachitatu m'chigawo chawo, pogawana aphunzitsi ndi oyesa mayeso. Sikofunika kuti dziko lililonse liyambe palokha. Mbali ina iziphunzitsidwa pa intaneti ndi m'nyengo zifupizifupi kuti munthu aphunzire osasiya ntchito ndi banja, koma ntchito ya kudera isadulidwe: wophunzira aliyense akhale miyezi ingapo mu ofesi ya zaumoyo, atenge nawo mbali pa kafukufuku weniweni, ndipo alembe chikalata cholangiza boma chimene chidzawerengedwadi ndi akuluakulu.

4. Pakhale thandizo la fizi ndi malipiro pa nthawi ya maphunziro, pamgwirizano womveka bwino woti wophunzira adzatumikira zaka zakutizakuti. Mgwirizanowo umange mbali zonse ziwiri: boma likalephera kupereka udindo woyenera, lisamuimbe mlandu wochoka.

5. Silabasi iunikidwenso pamodzi ndi ogwira ntchito kumadera. Mulowe noma, fluoride wochuluka m'madzi, khansa ya m'kamwa yobwera ndi fodya, mowa ndi mtedza wotafuna wa areca, zizindikiro za HIV, chisamaliro cha okalamba ndi olumala, kuwerengera ndalama, kalembedwe ka malamulo, ndi luso lolankhula ndi anthu.

6. Makomo atsegulidwe kwa ma dental therapist, anamwino ndi ena a zaumoyo amene ali ndi digiri ndi luso la pantchito.

7. Sukulu iliyonse ikhale ndi lamulo lolembedwa lokana ndalama za makampani a fodya ndi a zakumwa zotsekemera, ndipo iulule poyera amene akulipira kafukufuku wake.

8. Kafukufuku wa umoyo wa m'kamwa wa dziko lonse akhale ndi mzere wake mu bajeti ndipo azichitika mobwereza pa nthawi yoikika, ophunzira a digiri yachiwiri akugwira nawo. Zotsatira zizifalitsidwa m'zinenero zimene anthu amalankhula. Zimene ophunzira amalemba pomaliza maphunziro zizitumizidwa ku unduna, zisamathere pashelefu ya laibulale.

Kwa inu a mabungwe othandiza, pempho langa ndi lapadera. Ulendo wa sabata imodzi wozula mano kwaulere umathandiza amene afikiridwa, ndipo sindiunyoza. Koma mukamakonza bajeti yotsatira, ikanimo ndalama zophunzitsira munthu mmodzi kapena awiri a m'dzikomo mpaka kumaliza, ndi zolipirira mphunzitsi amene adzaphunzitse ena pambuyo pake.

Kuphunzitsa katswiri mmodzi kumatenga zaka 2 mpaka 4, ndiye amene akufunika pofika 2030 ayenera kulowa m'kalasi m'chaka cha maphunziro chikubwerachi. Ndikupempha kuti muyankhe kalatayi poyera, mfundo ndi mfundo, ngakhale pamene yankho lanu lili lakuti ayi, kuti tidziwe chifukwa chake ndi pamene tingathandize. Ine ndi anzanga ambiri ophunzitsa ndife okonzeka kukhala nanu pansi pa ntchito younika silabasi ndi kuwerengera ndalama zoyambira maphunzirowa, tsiku lililonse limene mungatiitane.

Ine wanu mwaulemu,
Dokotala wa mano ndi mphunzitsi wa zaumoyo wa m'kamwa